Mapepala Ositidwa

Tinali anthu asanu, ndipo tinkakumana Loweruka masana pakhonde la kalaliki wina wachikulire amene ankagwira ntchito kwa azungu ogula fodya. Tauni imene lero mukuitcha Chipata nthawi imeneyo inali Fort Jameson, koma ife tinkangoti ku Boma. Nyumba ya mkuluyo inali kuseri kwa masitolo a amwenye, ndipo pakhonde pake panali benchi lalitali ndi mpando umodzi wandalema womwe panalibe wina wokhalapo koma mwini wake.

Chomwe tinkasonkhanira chinali kuwerengerana zimene talemba m'Chinyanja. Mabuku a chinenero chathu anali ochepa masiku amenewo, ndipo ambiri anali a kutchalitchi kapena a kusukulu. Mkuluyo ankakonda kunena kuti, "Tikapanda kulemba za kwathu ife amene tinaphunzira kugwira peni, adzatilembera ndi alendo, ndipo adzatijambula mphuno zokhota." Iyeyo ankalemba mbiri ya makolo ake. Panali mphunzitsi wa ku Chiparamba, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankapalasa njinga mtunda wonsewo kuti adzatiwerengere nkhani zoseketsa za iye ndi apongozi ake. Panali womasulira wa kukhoti, munthu wofatsa, wolemba ndakatulo zazifupi zimene ankaziwerenga atazolika ngati akupepesa. Panalinso mayi mmodzi, mphunzitsi wa atsikana, amene ankalemba za akazi a kumsika ndi mikangano yawo. Wachisanu ndinali ine, wamng'ono pa onse, mphunzitsi wa pa kasukulu ka kunja kwa tauni.

Zolemba zanga sizinali zakupsa, ndipo anzangawo sankandibisira. Koma dzanja langa linali labwino. Zilembo zanga zinkaima mowongoka, zofanana msinkhu, moti mkuluyo akamaliza mutu wa mbiri yake ankandipatsa kuti ndimukopere bwino. Ndinkanyada nazo zimenezi. Pa gulu la anthu odziwa zinthu, nanenso ndinali ndi changa.

Nkhondo yaikulu ya azungu itayamba, tinabalalika mosakhalitsa. Womasulira uja analembedwa usilikali, ati akakhale kalaliki wa asilikali. Mayi uja anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Nyasaland n'kuwoloka malire. Mkuluyo maso anayamba kumuvuta, azungu anamupumitsa ntchito, ndipo anaganiza zobwerera kumudzi kwawo kuseri kwa mapiri. Khonde linatha chifukwa mwini wake anali kuchoka.

Loweruka lomaliza tisanabalalike, mayiyo anabwera ndi kathumba kamene anasoka ndi nsalu ya kaki, kokhala ndi chingwe chomangira kukamwa. Anakaika pabenchi.

"Kathumba aka kaziyenda m'malo mwathu," anatero. "Munthu akakalandira aziwerenga za anzake, azilemba maganizo ake kuseri kwa pepala, azichotsamo zake zakale n'kuikamo zatsopano. Akatero azikapereka kwa wotsatira."

"Nanga kakagona nthawi yaitali kwa waulesi ngati ine?" anafunsa wa ku Chiparamba.

"N'chifukwa chake pakufunika wokalondola," anayankha mkuluyo, akundiloza ndi chibwano. "Mnyamata uyu ndiye watsala pa Boma, pafupi ndi positi. Kazichokera kwa iye, kazibwerera kwa iye."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Kupita kwa mkuluyo kathumba kankanyamulidwa ndi abale ake obwera kudzagula mchere ndi palafini. Kupita ku Chiparamba kankakwera lole yonyamula mtedza. Kupita ku Nyasaland kankayenda pa positi. Msilikali yekha ndiye kankalephera kumufika, choncho ndinkamukopera zina mwa zolemba za anzathu m'kalata, ndipo mayankho ake akabwera, ena atafufutidwa mizere ndi akuluakulu a asilikali, ndinkawaika m'kathumba kuti onse aone. Kakachedwa kwa wina ndinkamulembera khadi lomukumbutsa. Kakafika kwa ine ndinkatseka chitseko, n'kuyala mapepala onse pamkeka, ndipo ndinkamva ngati anzanga akhala pakhonde paja, wina akuseka, wina akutsutsa.

Kathumba katazungulira maulendo angapo, ndinaona banga lotuwa pamkono wamanzere, pamwamba pa chigongono. Silinkayabwa, silinkapweteka. Ndinaliyesa chipere, ndipo ndinayamba kuvala malaya a manja aatali. Lina linatuluka pamsana. Tsiku lina m'mawa ndinaphula ketulo pamoto, ndipo ndinayamba kumva fungo la khungu lopserera, kutentha osakumva konse. Mlongo wanga, amene ankakhala nane n'kumandiphikira, anaona zala zanga, kenako anandiyang'ana kumaso. Madzulo ake anandipatulira mbale ndi kapu yangayanga.

Kuchipatala dokotala anandimanga nsalu kumaso, n'kundiuza kudzera mwa womuthandiza kuti ndikamva chinthu chikundikhudza ndinene. Ndinaima pamenepo kudikira kuti ayambe. Atandimasula nsaluyo ndinaona ali ndi thonje m'manja, ndipo ndinazindikira kuti anali atamaliza kale kundikhudza pamawanga onse. Womuthandizayo ananena mawuwo motsitsa, ngati akuopa kuti khoma limva: khate.

Kwathu khate silinali matenda chabe. Wakhate ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, ndipo akamwalira ena sankalola kuti aikidwe pamanda a anthu onse. Anthu ankanong'onezana kuti anaba m'munda wotsirika, kapena kuti makolo ake anachita choipa. Ine sindinabe m'munda wa munthu, ndipo ndinaphunzira kusukulu kuti matenda amabwera ndi tizilombo. Komabe pochoka pachipatala ndinadzera njira ya kuseri kwa msika, nditaweramitsa mutu ngati wakuba amene wangogwidwa kumene. Akuluakulu a sukulu anandimasula mwaulemu. Akwawo a mtsikana amene ndinamutomera anabweza chikole kudzera kwa amalume anga, osaponda pakhomo panga. Anandikonzera malo kumudzi wa odwala khate umene amishoni anamanga cha ku Mwami, pafupi ndi njira yopita ku Nyasaland.

Masiku amenewo kathumba kanali kwa ine. Ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinachotsamo mapepala anga n'kuwaponya pamoto. Kenako ndinapempha mphunzitsi mnzanga wa pasukulu paja kuti alembe ndi dzanja lake mawu ochepa akuti ndadwala, ndachoka pa Boma, kathumba kaziyenda popanda ine. Anakakulunga m'nyuzipepala n'kukatumiza ku Chiparamba. Sindinatchule matendawo, sindinatchule kumene ndikupita.

Mudzi wa odwalawo unali wa tinyumba tondondozana m'mizere, tchalitchi chaching'ono, ndi minda m'munsi mwa phiri. Mankhwala ake anali mafuta ena olemera amene ankatibaya ndi jakisoni pakhungu pomwe pali banga, ndipo malo obayidwawo ankatupa n'kumapweteka masiku angapo. Koma zimenezo ndinazizolowera. Chimene sindinachizolowere chinali kuona anzanga odwala. Ena analibe zala, ena mphuno zinali zitaphwa, ena ankayenda ndi zigamba kumapazi. Anandilandira bwino, ankanditcha aphunzitsi, ndipo anandipempha kuti ndiziphunzitsa ana awo kuwerenga. Ndinavomera, koma ndinkawalankhula ndikuyang'ana kumbali. Ndinkachita manyazi kukhala mmodzi wa iwo, ndiponso ndinkachita manyazi kuti iwo akuona zimenezo pankhope panga.

Mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina masana, ndikupalira mbatata kuseri kwa kanyumba kanga, ndinamva mayi wina wokalamba wa pamzere wathu akufuula.

"Aphunzitsi! Alendo anu ali pamtengo paja!"

Pamalire a mudziwo panali mtengo wa mkuyu pomwe achibale ankaima akabwera kudzaona odwala. Ine ndinalibe wondiyendera, kupatula mlongo wanga mwa apo ndi apo. Ndinasuzumira pakona ya nyumba, ndipo ndinaona mayi uja wa m'gulu lathu ataima ndi ambulera, mwamuna wake atagwira njinga chapatali. Ndinali ndi kabudula wong'ambika, kumapazi kopanda nsapato, nkhope itatupa ndi majakisoni. Ndinabwerera mumbatata n'kukhala pansi, ndikuyembekeza kuti atopa.

"Aphunzitsi, akuti sachoka!" anafuulanso wokalambayo, ndipo mudzi wonse unamva.

Ndinapita, manja ndili nawo kumbuyo. Ndinaima chapatali. Mayi wa m'gulu lathu uja anandiyang'ana osaphethira, ndipo ndinaona kuti wadzidzimuka, ngakhale anayesetsa kubisa.

"Muli bwanji, achimwene?"

"Ndilipo, mayi. Mwadziwa bwanji kuti ndili kuno?"

"Boma ndi laling'ono. Tinadziwa kalekale. Tinkadikira kuti munene nokha." Anatulutsa kathumba m'dengu lake n'kukaika pamwala womwe unali pakati pathu. "Kazungulira kawiri kopanda inu, ndipo kakuyenda mokwawa. Kwa a ku Chiparamba kanagona miyezi. Kwa msilikali wathu palibe amene akulemba. Akufunsa ngati tonse tinafa."

"Sindingakagwire."

"Chifukwa?"

"Mukudziwa chifukwa chake."

"Ndafunsa kwa adokotala a konkuno ndisanakuitaneni. Akuti sakhulupirira kuti pepala lingapatse munthu matendawa. Ine ndikupita ku Boma kukaona amayi. Ndidzadzeranso pano pobwerera. Ndidzakapeze pamwala pomwepa, muli zanu."

Sanandipatse dzanja, ndipo nanenso sindinatulutse langa. Tonse tinadziwa chifukwa chake. Atapita ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikumva kuwawa kuti sanandipatse moni wa m'manja, koma ndikudziwanso kuti akanatambasula dzanja ndikanathawa.

Ndinalemba. Nkhani yoyamba inali ya mpikisano wa mpira pasukulu yanga yakale, yachiwiri inali ya mwenye wina wogulitsa nsalu. Ndinkalemba ngati ndikadali pa Boma, ngati palibe chachitika. Kathumba tsopano kankafika kwa ine kudzera kwa wothandiza adokotala amene ankapita kupositi, ndipo ndinayambiranso kukopera msilikali zolemba za anzathu. Mapepala anga atabwerako, kuseri kwake kunali mawu a mphunzitsi wa ku Chiparamba, a zilembo zake zazikulu zopendama: "Achimwene, za mwenyeyu tonse tikuzidziwa. Muli kumalo kumene ife sitinafikeko, ndiye mukutiuza za kumene tinachoka. Tilembereni zimene maso anu akuona."

Ndinakwiya masiku angapo. Kenako ndinalemba za mayi wokalamba uja, mmene ankasinjira chimanga atakumbatira munsi ndi mikono chifukwa zala analibe, akunyoza aliyense wodutsa. Ndinalemba za ukwati umene unachitika m'tchalitchi chathu, wa anthu awiri odwala, mphete itamangidwa pachingwe cha m'khosi. Zimenezi anzanga anazikonda. Mkulu uja analemba kuti, "Mnyamata wayamba kulemba." Pa zaka zonse za pakhonde paja sananenepo mawu otere. Ndinawawerenga kangapo, ndikusangalala, komanso ndikudzifunsa ngati akuyamika nkhaniyo kapena akungomvera chisoni wodwala.

Ndi paulendo umenewo pomwe ndinaona chinthu china. Mapepala anga anali osalala modabwitsa, ouma ngati masamba a fodya, ndipo inki inali itasintha mtundu. Pakona ya pepala limodzi panali chipsera chofiirira, chosongoka kutsogolo, chotambalala kumbuyo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndisanachizindikire. Chinali chidindo cha nsimbi ya makala. Ndinayang'ana mapepala a anzanga. Onse anali opindikapindika, ofewa, monga amakhalira mapepala oyenda m'thumba. Ositidwa anali anga okha.

Sindikudziwa mmene ndingafotokozere zimene ndinamva. Ndinaona m'maganizo munthu akutulutsa mapepala anga ndi timitengo, akukoleza makala, akuwotcha mpweya wanga ndi thukuta langa asanayerekeze kuwerenga. Thupi lonse linatentha, ngakhale malo amene sankamva kanthu. Ndinamanga kathumba osaikamo changa, osalemba ndemanga pa za munthu aliyense, n'kukabweza.

Patapita milungu ingapo, Loweruka lina, mphunzitsi wa ku Chiparamba anatulukira pamkuyu paja, fumbi lili thupi lonse, tayala la njinga atalimanga ndi luzi. Anali atanyamuka kusanache. Sanadikire moni.

"Mwatani, achimwene? Kathumba kabwera kopanda mawu anu. Mwadwalika?"

"Ndani akusita mapepala anga?"

Anakhala pansi pamuzu wa mtengo, anavula chipewa, n'kudzipepesa nacho mphepo.

"Akuluakulu aja," anatero. "Akazi awo anakana kuti kathumba kalowe m'nyumba. Akuti muli adzukulu. Ndiye anagwirizana kuti bambo azisita okha, panja, kenako n'kulowa nawo. Munthu sanagwirepo nsimbi chibadwire, maso akuvutanso, ndiye mwaona mmene akuwotchera."

"Nanga inu?"

"Ine ndimawayanika padenga la nkhokwe, dzuwa liwawombe. Tsiku lina mbuzi inakwera n'kudya theka la nkhani yanu ya mpira. Sinadwale, koma sinasekenso."

Ankafuna kuti ndiseke. Sindinaseke.

"Ndiye mumandinyansidwa nonse."

"Timaopa," anayankha, ndipo nthabwala zinatha pankhope pake. "Ndikanama ndikati sitiopa. Ndili ndi ana aang'ono. Adokotala anena zawo, koma mtima wa munthu sumva Chingerezi. Nanga mukufuna titani? Tiziopa n'kumawerenga, kapena tiziopa n'kusiya? Chifukwa kuopako sitingakuchotse lero."

Ndinatembenuka kuyang'ana kuphiri kuti asaone misozi, koma anaiona. Anakhala nane mpaka dzuwa litapendeka, akundiuza za apongozi ake amene tsopano anali atasamukira kunyumba kwake. Pochoka anati, "Mulembe. Mukapanda kulemba ndibweranso, ndipo njinga iyi ikafera panjira mlandu ndi wanu."

Ndinalemba. Kathumba katabweranso, ndinapeza mapepala onse ali ositidwa, a mayi uja, a ku Chiparamba, makalata a msilikali, ngakhale mbiri ya mkuluyo mwini. Pamwamba panali kapepala ka dzanja lake lonjenjemera: "Ndaona kuti mapepala owongoka amawerengeka bwino kwa munthu wa maso ngati anga, ndiye ndiziwongola onse." Ndinadziwa kuti wa ku Chiparamba wakamuuza. Ndinaganiza za nkhalamba yosaona bwino itagwada panja, ikupemerera makala, ikusita mulu wonse wa mapepala kuti mnyamata wina asakhumudwe. Manyazi a ulendo uno anaposa oyamba aja. Sindinatchulepo nkhaniyi m'zolemba zanga, ndipo iyenso sanaitchulenso. Anapitiriza kusita mpaka kumapeto.

M'zaka zotsatira matenda anafika kudzanja lamanja. Zala ziwiri zakumapeto zinapindika n'kuuma, ndipo chala chachikulu chinafooka. Peni inkandipulumuka, inki n'kutayikira papepala. Ndinasintha n'kuyamba pensulo, ndipo ndinkaimangirira kuzala ndi kansalu. Zilembo zanga zinayamba kugwa, zina zazikulu, zina zazing'ono, mizere ikutsetsereka ngati ya mwana woyamba sukulu. Tsamba limodzi linkanditengera tsiku lonse. Ndinkati ndikamaliza, ndiliyang'ane, n'kufuna kuling'amba. Palibe mnzanga amene ananenapo kanthu za dzanjalo. Mayi uja anangolemba kuti ntchito yokopera msilikali aitenga iyeyo, chifukwa ati positi ya kwawo imafulumira. Ndinadziwa kuti si zoona, koma ndinamuthokoza.

Kulondola kathumba kokha sindinakusiye. Ndinali ndi nthawi yambiri kuposa onse, ndipo makhadi anga okumbutsa, a zilembo zokhotakhota, ankafika kwa aliyense wochedwa. Wa ku Chiparamba anati ankawaopa kuposa kalata ya woyendera sukulu.

Nkhondo itatha msilikali wathu anabwerera, ndipo ndi iye amene anaumirira kuti tikumane tonse. Popeza ine sindikanatha kuchoka, anati abwere iwo. Anagwirizana Loweruka lina m'nyengo yozizira. Mkulu uja anabwera pa lole, atakhala kutsogolo ndi dalaivala, mdzukulu wake wamkulu akumugwira dzanja potsika. Mayi anabwera ndi mwana kumsana. Wa ku Chiparamba anabwera ndi njinga yomwe ija. Ine ndinali nditachapa malaya anga abwino, ndipo ndinawasita ndi nsimbi yobwereka. Usiku wake sindinagone, ndikuganiza zonamizira malungo.

Tinakhala pansi pa mkuyu, iwo mbali ina, ine pamwala wanga. Msilikaliyo anali ataonda, ndipo khutu lina silinkamva, moti ankalankhula mokweza, iye amene kale mawu ake tinkachita kuwatchera khutu. Atandiona anabwera molunjika, dzanja litatambasulidwa.

"Achimwene! Makalata anu ndinkawawerenga m'nkhalango mvula ikugwa. Ndipatseni dzanja limenelo."

Ndinabweza manja kumbuyo.

"Ayi, achimwene, musatero."

"Ndaona zoopsa kuposa izi. Ndanyamula anthu opanda miyendo. Bweretsani."

"Chonde, musatero."

Anaima pamenepo dzanja lili m'malere, onse akuyang'ana. Sikuti ndinkaopa kumupatsira matenda, pakuti adokotala anali atanena kale kuti matendawo akuzirala. Sindinkafuna kuti aone chimene dzanjalo linasanduka, ndiponso kuti aligwire n'kumva kuuma kwake. Mapeto ake anandigwira paphewa, anandigwedeza pang'ono, n'kubwerera pamalo pake. Ndinaona kuti zamupweteka.

Tinawerengerana monga kale. Mkuluyo sankathanso kuona zilembo, choncho mutu womaliza wa mbiri yake anatiwerengera ndi mayi uja, iye akuvomereza ndi mutu, nthawi zina akumudula kuti akonze dzina la mtsinje. Msilikali anawerenga ndakatulo ya sitima ya pamadzi. Odwala anzanga anayamba kubwera mmodzimmodzi, n'kukhala chapatali kumvetsera, ndipo wa ku Chiparamba atayamba za apongozi ake anaseka mpaka kugwa chammbali. Itafika nthawi yanga ndinayenera kutulutsa manja kuti ndigwire pepala. Ndinaligwira ndi zikhatho zonse ziwiri, ngati mmene mwana amagwirira chikho. Anzanga onse anayang'ana pansi nthawi imodzi, ndipo ulemu wawowo unandilasa kuposa ngati akanayang'anitsitsa. Ndinawerenga mothamanga. Sindikumbukira zimene ananena za nkhaniyo.

Mayi anali atabweretsa tiyi m'ketulo yaikulu ndi mbatata zowotcha. Ine ndinali nditabwera ndi kapu yanga m'thumba la malaya kuti pasakhale wovutika kuganiza. Ndinaitulutsa. Mayiyo anandithirira tiyi ali chiimire, ndipo tinamwa.

Kumeneko kunali kukumana kwathu komaliza tonse asanu. Mkuluyo anamwalira chaka chotsatira, ndipo uthenga unandipeza maliro atachitika kale. Mbiri yake inatsala ndi ana ake. Kathumba kanapitiriza kuyenda pakati pa anayi otsalafe, koma mochedwa, chifukwa msilikali anapeza ntchito ku migodi ndipo mayi ana anachuluka.

Patapita zaka zingapo adokotala anandiyeza n'kunena kuti matenda agona, ndikhoza kupita. Ndinalibe kolowera. Kusukulu sakananditenga, pakuti makolo sakanalola, ndipo kumudzi kwathu anthu anali atazolowera kundiyesa wakufa. Mphunzitsi wa ku Chiparamba ndiye anandipemphera malo pafupi ndi munda wake, ndipo anandithandiza kumanga nyumba. Mkazi wake ankanditumizira ndiwo m'mbale imene inali yanga yokha, ndipo ana ake atakula pang'ono ankabwera madzulo kuti ndiwathandize masamu, atakhala pakhomo. Ndinakhala kumeneko zaka zambiri, ndikulima mtedza ndi kuweta nkhuku. Patapita nthawi ndinakwatira mayi wina wamasiye amene ndinadziwana naye kumudzi wa odwala kuja.

Ku Boma ndinkapitako pokhapokha pakafunika, ndipo ndinkasankha masiku amene kulibe anthu ambiri. Tsiku lina ndikutuluka m'sitolo ndinakumana ndi mmodzi wa ana amene ndinkawaphunzitsa kale, atakula, atavala yunifolomu ya mesenjala. Anandizindikira, anavula chipewa, n'kunena mokondwa kuti, "Aphunzitsi! Tinkamva kuti munamwalira!" Ndinamuyankha kuti ayi, ndilipo, ndinangopita kutali pang'ono. Anafuna kundinyamulira katundu mpaka pokwerera lole, ndipo ndinamulola, ine ndikuyenda pambuyo pake manja ali m'matumba.